Kodi Woweruza Milandu ya Maukwati Aopa Yani?

Ukwati ukabvuta m'komboni ya Chainda, nkhani siyambira kukhoti. Iyamba ndi ankhoswe, amene aitana mwamuna ndi mkazi nawakhazika pamphasa. Ankhoswe akalephera, ipita kwa akulu a mpingo, kapena kwa amalume oitanidwa kucokera ku Katete, ku Petauke kapena ku Mansa. Zonsezi zikakanika, mpamene mayi abvala citenje cake cabwino, nabereka mwana kumbuyo, nakwera basi kunka ku Local Court, monga lija la ku Chelstone, kukatenga cisamani coitanira mwamuna wake.

M'khoti limenelo mulibe loya womuimira, cifukwa lamulo silola maloya pa milandu ya mwambo m'makhoti amenewa. Mulibenso buku limodzi lolembedwa kuti mwambo wa Acewa, wa Ansenga, wa Abemba kapena wa Atonga unena ciani za ana, za nyumba ndi za katundu banja likatha. Cimene ciripo ndi munthu wokhala kuseri kwa tebulo. Iye ndiye adzanena kuti mwambo ndi uwu, iye ndiye adzasankha mboni yoikhulupirira, ndipo mau ace ndiwo adzagamula ngati mayiyo agona m'nyumba imene anaumbira nawo njerwa, kapena abwerera kwa makolo ndi cikwama cimodzi. Kodi munthu ameneyu anafika bwanji pa mpando umenewo? Anamsankha ndani, ndipo poweruza aopa yani? Mafunso amenewa samveka kawirikawiri m'misika ya Matero, Kanyama, Chawama, George, Kalingalinga ndi Mtendere, pamene anthu a m'makomboni amenewa ndiwo adzaza mabenci a makhotiwa tsiku ndi tsiku.

Ukwati wolembetsa ku Boma umathera ku High Court, kumene kuli maloya ndi mabuku. Koma maukwati oculuka a m'makomboni ndi a mwambo, omangidwa ndi ankhoswe, cimalo kapena malowolo, ndipo amenewa athera ku Local Court. Komwekonso ndi kumene acibale apita kukasankhitsa woyang'anira cuma ca masiye bambo akamwalira. Motero woweruza wamng'ono ameneyu agwira miyoyo ya anthu ambiri kuposa oweruza onse obvala mikanjo yofiira.

Kulimbirana mipando ya oweruza otere si kwa kuno kokha. Kumene nkhondo imeneyi imenyedwa poyera kwambiri ndi m'dziko la Israel, ndipo nkhani ya kumeneko iyenera kufotokozedwa bwino, pakuti akulu anati mnzako akapsa ndebvu m'zimire.

M'dziko limenelo, lamulo la m'caka ca 1953 linaika nkhani za kukwatirana ndi kusudzulana pakati pa Ayuda m'manja mwa makhoti a cipembedzo. Oweruza ace, ochedwa madayani, ndi marabi, ndiko kuti aphunzitsi a cilamulo ca Ciyuda. Onse ndi amuna, ndipo alipidwa ndi Boma. Mwa cilamulo cao, ukwati sutha kufikira mwamuna apereke kalata ya cisudzulo mwa kufuna kwake. Akakana, akasowa, kapena akadwala osatha kulankhula, mkazi akhala pakati: alibe banja, komanso sangakwatiwe. Mkazi wotere achedwa aguna, ndiye kuti womangika. Ndipo popeza cilamulo cimeneci cinamasuliridwa ndi aphunzitsi ambiri kwa zaka mazanamazana, woweruza mmodzi angapeze khomo lotulutsira mkaziyo pamene mnzake aona khoma lokhalokha.

N'cifukwa cace komiti yosankha madayani, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1955, yakhala bwalo la nkhondo. Munaikidwa nduna za Boma, aphungu a Nyumba ya Malamulo, marabi aakulu awiri a dziko, madayani ndi maloya. Zipani za cipembedzo monga Shas zimaiyang'anira komitiyi ngati nkhokwe, ndipo magulu a Ayuda opembedza amakangana za mipando, ili yanga, iyi yako. Mabungwe a amayi nawo analimbana kufikira m'caka ca 2013, pamene lamulo linati mwa anthu 11 a m'komiti, anayi akhale akazi. Mikangano imeneyi inasiya mipando yambiri yopanda oweruza kwa zaka zingapo, milandu iri kudikira.

M'caka ca 2014, khoti la cipembedzo la mumzinda wa Safed, lotsogozedwa ndi Rabi Uriel Lavi, linaweruza mlandu wa mayi amene mwamuna wake anagona cikomokere kwa zaka pafupifupi 7 atacita ngozi pa njinga yamoto. Oweruza anafufuza m'mabuku ao, napeza njira yakuti khoti lipereke kalata ya cisudzulo m'malo mwa wodwalayo. Mayi anamasuka. Marabi ena ochuka anapsa mtima kwambiri, nati ciweruzo cimeneco n'cosemphana ndi cilamulo. Pamene komiti inali kusankha oweruza a khoti lalikulu la marabi m'caka ca 2016, dzina la a Lavi ndilo linali pakati pa mkangano. Rabi Wamkulu Yitzhak Yosef anawakana, ndipo sanakwezedwe. Panali ngakhale ofuna kuutsegulanso mlandu wa mayi uja, kufikira khoti lalikulu la dziko linaletsa m'caka ca 2017.

Palibe amene anamangidwa pa nkhani imeneyi, palibe amene anacotsedwa nchito. Koma dayani aliyense wacinyamata anaona cimene cigwera munthu woweruza monga mwa mtima wace ndi nzeru zace. Njira yoopseza woweruza yoposa zonse ndi imeneyi, cifukwa siisiya cipsera cimene munthu angaloze.

Wina angati izi ndi za Ayuda, Zambia alibe makhoti a cipembedzo olipidwa ndi Boma. N'zoona. Ngakhale a Frederick Chiluba analengeza m'caka ca 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, abusa sanapatsidwe mphamvu yothetsa maukwati mwa lamulo. Koma cimene cilamulo ca marabi ciri kwa Ayuda, mwambo uli comweco kwa mitundu ya kuno: ndi colowa ca makolo, uli ndi eni ace odziyesa alonda ace, ndipo aliyense wofuna kulamulira anthu amafuna kuti womasulira mwambowo akhale munthu wace.

Atsamunda anacidziwa cimeneci msanga. M'caka ca 1929 anabvomereza mwa lamulo mabwalo a mafumu, koma mfumu yosamvera Bwana DC inali kudziwa kuti mpando wace suli wolimba. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pamene anthu anaculuka m'matauni a ku Migodi, anatsegula makhoti a anthu akuda m'tauni, ndipo oweruza ace anali kutumizidwa ndi mafumu aakulu a kumidzi, aliyense kudzaimira mtundu wace. M'makomboni a migodi munalinso akulu a mitundu, amene anayambira ku Luanshya m'caka ca 1931, oweruza timilandu ta m'nyumba. Anchito a m'migodi anafika powaona akuluwa ngati makutu a kampani, ndipo m'caka ca 1953, bungwe lao liri m'manja mwa a Lawrence Katilungu, anaponya voti yowacotsa. Anthu a m'tauni anakana kuweruzidwa ndi munthu amene ali ndi mbuye wina kumbuyo kwace.

Ufulu utabwera, lamulo la Local Courts la m'caka ca 1966 linacotsa makhoti amenewa m'manja mwa mafumu ndi kuwaika pansi pa nthambi ya zamakhoti. Lamulo lomwelo linati mwambo utsatidwe pokhapokha ngati sutsutsana ndi cilungamo, ndi makhalidwe abwino, kapena ndi lamulo lolembedwa. Cinali cinthu canzeru. Koma kucotsa mfumu pa mpando si kucotsa mthunzi wace, ndipo kumidzi mau a mfumu anakhalabe olemera pa za amene akhale woweruza m'dziko lace. M'tauni namo munabuka mafumu atsopano. Okalamba a m'makomboni a Lusaka akumbukira masiku a cipani cimodzi, kuyambira 1973 kufikira 1991, pamene cheyamani wa sekishoni anali kugawa mapuloti ndi kuweruza ndeu za m'mabanja, ndipo munthu wopanda khadi la cipani anali kulowa pa bwalo lace ali wogonja kale.

Ngakhale oweruza aakulu sanapulumuke. M'mwezi wa July 1969, Woweruza Evans wa ku High Court anafafaniza cilango ca asilikali awiri Acipwitikizi amene anagwidwa atalowa m'dziko kucokera ku Angola. Inali nthawi yowawa, midzi ya m'malire iri kubvutitsidwa ndi Apwitikizi, ndipo mkwiyo wa anthu unali womveka. Mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, anafuna kuti Mkulu wa Oweruza, a James Skinner, afotokoze. A Skinner, amene anali membala wa UNIP kuyambira masiku omenyera ufulu ndiponso nduna m'Boma loyamba, anaima ndi woweruza wao. Anyamata a Zambia Youth Service analowa mwaciwawa m'nyumba ya High Court mu Lusaka, oweruza nadzitsekera m'cipinda. M'caka comweco a Skinner anatula udindo. Anali munthu wa cipani, koma atabvala mkanjo anakana kukhala woweruza wa cipani, ndipo cimeneci ndico cinawadyera nchito.

Cimene cicitika ngati mwambo ndi ndale zakwatirana kotheratu cinaoneka kutsidya kwa malire a Mwami. M'caka ca 1969 Boma la Dr. Kamuzu Banda linasintha lamulo kuti makhoti a mwambo, ochedwa Traditional Courts, aziweruza ngakhale milandu yakupha, ndipo pambuyo pace anapatsidwanso ya kuukira Boma. Oweruza a High Court ya ku Malawi anatula maudindo ao posagwirizana nazo, ndipo a Skinner omwe aja ndiwo anakakhala Mkulu wa Oweruza kumeneko kuyambira 1970. M'makhoti a mwambowo munali kukhala mafumu osankhidwa ndi Boma, ndipo maloya sanali kuloledwa. A Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zacilungamo ya dzikolo, ndi akazi ao a Vera Chirwa, onse awiri maloya ophunzira, anagwidwa pa 24 December 1981 ca kumalire a Chipata. M'caka ca 1983 khoti la mwambo linawagamula kuti aphedwe. Cilango cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anafera m'ndende ya Zomba m'caka ca 1992, a Vera anatuluka mu 1993. Zonsezi zinacitika m'dzina la mwambo wa makolo, koma palibe kholo la Acewa, la Atonga kapena la Angoni limene linaphunzitsa kuti woimba mlandu asankhe yekha oweruza.

Kuno kwao kwa a Kaunda zinthu sizinafike pamenepo, koma cizolowezi cokhudza oweruza sicinathe ndi cipani cimodzi. M'caka ca 2012 a Michael Sata anaimitsa oweruza atatu, a Philip Musonda, a Charles Kajimanga ndi a Nigel Mutuna, naitana Woweruza Lovemore Chikopa wa ku Malawi kudzatsogolera bwalo lowafufuza. M'caka ca 2024 a Hakainde Hichilema anaimitsa, ndipo pambuyo pace anacotsa, oweruza atatu a Constitutional Court, a Annie Sitali, a Mungeni Mulenga ndi a Palan Mulonda. Boma linati latsata malangizo a Judicial Complaints Commission monga Malamulo a Dziko anenera. Otsutsa anati ndi kubwezera, popeza atatuwa ndiwo anataya dandaulo la masankho a 2016. Nkhani zonse ziwiri zinadzaza manyuzipepala, maloya analankhula, mabishopu analankhula, mawailesi anacezera.

Kumeneko kuli owayang'anira ambiri, ndipo ndi bwino. Woweruza wamkulu asankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko pa uphungu wa Judicial Service Commission, dzina lace lipita ku Nyumba ya Malamulo, aphungu nalipenda. Woweruza wa Local Court asankhidwa ndi Commission yomweyo, koma anthu amene adzaweruzidwa naye amdziwa tsiku limene amuona atakhala kale pa mpando. Akasamutsidwa, amva cabe kuti kwabwera wina. Pamene palibe maso, mpamene khansala, mkulu wa cipani, mwini mabala wa m'komboni, induna ya mfumu kapena mkulu wa mpingo angathe kunong'oneza. Sikuti onse atero, ndipo oweruza ambiri a makhotiwa agwira nchito yolemetsa mokhulupirika m'nyumba zothina. Koma khomo losatsekedwa silifunsa amene alowa.

Apa n'koyenera kumvetsera akuluakulu amene amaopa woweruza wodziimira payekha, cifukwa mantha ao si acabe. Iwo ati: mnyamata wa masatifiketi, wobadwira m'tauni, wosadziwa kusiyana kwa cikamwini ndi citengwa, wosadziwa cifukwa cace kwa Acewa ana ali a mbumba ya amalume pamene kwa Angoni malowolo apereka ana kwa atate, adzaweruza bwanji banja la Mnsenga wokwatira Mlozi? Adzanyoza ankhoswe, nathetsa maukwati amene akanatha kukonzeka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo khoti limene liwapatula lidzayatsa moto woculuka kuposa umene lizima. Mau amenewa ali ndi coonadi. Woweruza wonyoza mwambo sali womasuka ai. Ali cabe wodzikuza, ndipo nayenso ali ndi mbuye wace, ndiwo maphunziro ace.

Koma a Lavi a ku Safed sananyoze cilamulo cao. Analowa m'kati mwace kuposa owatsutsa, natulukamo ndi yankho. Ndipo m'dziko muno muli mlandu wosonyeza cimodzimodzi. Banja la a Chibwe linamangidwa m'caka ca 1977 mwa mwambo wa Aushi. Pambuyo pace mwamuna, munthu wa malonda ndi cuma cambiri, anapempha cisudzulo ku Local Court ya ku Mufulira, ndipo ukwati unatha mkazi osagawiridwa cuma. Mayiyo anacita apilo kwa majisitireti, napitirira ku High Court, kufikira ku Supreme Court, imene m'caka ca 2000 inalamula kuti apatsidwe gawo la cumaco.  Cozizwitsa n'cakuti khoti lalikulu linapeza kuti mwambo wa Aushi womwewo umapatsa mkazi wosudzulidwa gawo loyenera la cuma ca banja. Mwambo unali kumbali ya mayiyo kuyambira tsiku loyamba. Cimene cinasowa ndi munthu wolimba mtima wounena pamaso pa mwamuna wolemera. Zaka zambiri zinapita. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Chainda alibe ndalama kapena moyo woyendera mlandu zaka zambiri. Kwa iye, Local Court ndiyo Supreme Court.

Palinso nthawi zimene woweruza ayenera kuuza acibale onse, ali m'khoti modzaza, kuti lamulo lolembedwa laposa cimene iwo acicha mwambo. Lamulo la cuma ca masiye la m'caka ca 1989 linagawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalira, 10 kwa ena amene anali kudalira iye, ndipo linapatsa wamasiye ufulu wokhala m'nyumba ya banja moyo wace wonse kapena kufikira atakwatiwanso. Papita zaka zoposa 30, koma alamu obwera ndi lole maliro asanathe sanasowe m'makomboni. M'caka ca 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ukhale wopanda mphamvu, ngakhale womangidwa mwa mwambo. Atate amene analandira kale malowolo a mwana wa zaka 15 sadzakondwa ndi woweruza wonena zimenezi, ndipo ngati atatewo ali mbale wa munthu amene anamnenerera woweruzayo kuti apeze nchito, lamulo la ku Nyumba ya Malamulo lidzathera pa khomo la khoti.

Kodi tsono cofunika n'ciani? Sikuti mafumu, mipingo ndi akulu a m'makomboni atsekedwe pakamwa. Iwo adziwa anthu kuposa maofesi: adziwa amene amamenya mkazi wace, amene analanda nyumba ya mlamu wace, amene sabweza ngongole. Afunsidwe, koma afunsidwe poyera, ndipo mau ao akhale umboni woyesedwa, osati kiyi wotsegula ndi kutseka. Ku Israel bvuto silinali lakuti marabi aakulu ananena maganizo ao. Linali lakuti mipando inagawidwa monga nyama ya pamaliro, mwendo kwa awa, nthiti kwa awo, kotero kuti munthu wopanda gulu, ngakhale wanzeru cotani, analibe womnenera. Kugawa mipando ya Local Court mwa mitundu kapena mwa zipani kungabale cipatso comweco, makamaka mu Lusaka, mmene nyumba imodzi ya lendi isunga mitundu isanu.

Amayi nawo aculuke, pa mipando yoweruza ndi pakati pa osankha omwe. Amayi a ku Israel sanaloledwe kukhala madayani, koma anazindikira kuti mipando inayi m'komiti yosankha isintha mafunso amene ofuna nchito afunsidwa. Kuno palibe cilamulo coletsa mkazi kuweruza, ndipo alipo amayi amene aweruza bwino m'makhoti a Lusaka. Mayi amene anakhalapo mlangizi, amene anaonapo wamasiye akutulutsidwa m'nyumba ndi mphasa yokha, amva msanga pamene mboni ibisa mau.

Ndipo woweruza akakhala pa mpando, asakhale ndi cifukwa coyang'ana kumbuyo. Kukwezedwa kwace, kusamutsidwa kwace ndi kucotsedwa kwace kukhale ndi zifukwa zolembedwa zimene iye angathe kuziyankha, kuti munthu wamphamvu amene wagonja pa mlandu Lolemba asamveke akudzitama m'bala Loweruka kuti woweruza uja sakhalitsa. Wolandira ziphuphu acotsedwe msanga ndi poyera, pakuti iyenso anadzigulitsa kwa mbuye.

Coyamba mwa zonsezi n'cosafuna ndalama zambiri kapena lamulo latsopano. Judicial Service Commission, isanatsimikize munthu pa mpando wa Local Court, ingathe kukhoma dzina lace pa citseko ca khoti limene adzagwirako nchito, pa msika ndi pa kiliniki ya komboni, m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'Cizungu, kwa mwezi wathunthu, ndi kunena ofesi kumene munthu wodziwa kanthu angapereke kalata yace, yosainidwa ndi dzina lace.